Zimene Makoswe Anaphunzitsa Madokotala pa Nthenda ya Bere

Chotupa cha khansa chikachotsedwa m'bere la mayi, ambiri amayesa kuti nthenda yatha. Komatu timbewu take timatha kubisala m'thupi ndi kudzaphukanso patapita zaka. Zotupa zambiri za m'maŵere zimakula ndi estrogen, madzi amene thupi la mayi limapanga lokha.

M'chaka cha 1895 dokotala wa ku Glasgow, George Beatson, anachotsa ziŵalo zopanga mazira mwa mayi wina wodwala, ndipo chotupa chinafota. M'zaka za m'ma 1970, Craig Jordan anayesa pa makoswe mankhwala otchedwa tamoxifen, amene amatsekereza estrogen kuti asadyetse chotupa. Makoswe amene analandira mankhwalawo nthaŵi yochepa anadzatuluka zotupa ataŵaleketsa, koma ambiri mwa amene anapitiriza anatetezeka.

Pa anthu zinapezekanso chimodzimodzi. Ngati chotupa chili cha mtundu wodya estrogen, kumwa mankhwalaŵa tsiku ndi tsiku kwa zaka 5 kumachepetsa kubwereranso kwake pafupifupi ndi theka m'zaka zoyambazo.

Kwathu kuno ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi, ulendo wa ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe umadya ndalama, makamaka m'dzinja. Mayi akaona bala lapola, nkwapafupi kuleka. Inu abambo, sungani ya ulendo pokolola. Inu achinyamata, ŵerengani masiku, muŵakumbutse amayi ndi kuŵaperekeza. Asaleke dokotala asananene. Kuona maso a nkhono nkudekha.