Anthu Otsimikizira Mapu ndi Mapazi

Mukayang'ana msika wa Lundazi pa mapu a pafoni, mumaona madenga a malata ogundana ndi tinjira tafumbi. Mabenchi a tomato ndi mtedza amene ali pansi pa mitengo simuwaona. Chithunzi cha setilaiti chimaphonya zambiri, n'chifukwa chake pali anthu amene amadyera ntchito yochitsimikizira.

Akuluakulu pa ntchitoyi ndi masaveya, oyeza malo, amene ku Zambia amayang'aniridwa ndi ofesi ya Surveyor General. Saveya amasankha malo ooneka bwino pachithunzi, monga ngodya ya mlatho kapena ya nyumba ya Lundazi Castle, n'kuimikapo makina a GPS pa miyendo itatu. Makinawo amaphonya ndi masentimita ochepa, pomwe foni imaphonya ndi mamita angapo. Akayerekeza zomwe wapeza ndi zimene chithunzi chikunena pa malo ambiri otere, amadziwa kuti mapuwo akhota motani.

Kuphonya kwa zithunzi za setilaiti kuli ndi zifukwa zake. Kadontho kamodzi pa chithunzi cha setilaiti ya Landsat kamaphimba mamita 30, pa Sentinel-2 mamita 10, ndiye nkhokwe kapena khola sizingaonekepo. Ngakhale pa zithunzi zakuthwa, denga la udzu limafanana ndi dothi louma. Dzinja mitambo imatchinga, mu Seputembala utsi wa moto wolusa umachititsa khungu kamera.

Kenaka pali oyenda khomo ndi khomo, ambiri mwa iwo achinyamata olembedwa kwa masabata ochepa. Pa kalembera wa 2022, bungwe la ZamStats linawatuma ndi mataboleti okhala ndi mapu. Iwowa ndi amene amapeza kuti chimene chimaoneka ngati nyumba ndi shedi ya fodya. Pa malire a minda amadalira anyakwawa, amene amadziwa kuti mpaka ndi chulu chiti kapena mtengo uti. Chigawikireni boma la Lundazi mu 2018, pamene Lumezi ndi Chasefu zinakhala maboma paokha, nkhani ya malire yakhala yofunika koposa.

Mosiyana ndi kuno, asayansi ojambula dziko la Mars alibe woti n'kumutuma kukatsimikizira mapu. Kamera ya HiRISE, imene inanyamuka mu 2005, imaona mwala wa mita imodzi, koma kutalika kwa mapiri amakutsimikiza poyerekeza ndi miyeso ya chipangizo cha leza chotchedwa MOLA. Kuno mapu olakwika amatanthauza mudzi wodumphidwa pa kalembera kapena mlandu wa munda kwa mfumu, choncho woyenda pansi ayenera kulipidwa ngati katswiri.