Kukonza Boti Ulendo Wautali Usanayambe

Kodi munakwerapo boti la matabwa kuchokera ku Nkhata Bay kupita ku Usisya? Ngati munakwerapo, mukudziŵa kuti njira imeneyi mapiri amatsikira mpaka m'madzi. Malo ambiri ndi miyala yokhayokha. Boti likayamba kuloŵa madzi pamenepo, simupeza msanga mchenga wokocheza ngati wa ku Chintheche kapena ku Kande. Ulendo wa ku Chizumulu ndi ku Likoma ndiye woposa, chifukwa pakati pa nyanja palibe poima.

Asodzi ambiri kuno amachoka kwawo kukatsata usipa ndi utaka kutali. Amatha masabata, mwina miyezi. Nthaŵi yonseyo boti ndilo nyumba yawo. Ufa wa kondowole, mapoto, zofunda, nyali ndi chilimira, zonse zimakhala m'menemo. Nchifukwa chake boti liyenera kukonzedwa lili pamtunda, ulendo usanayambe. Ngakhale sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda m'chaka cha 1951, imaimitsidwa nthaŵi zina nkukonzedwa ku Monkey Bay. Nanga boti la matabwa?

Itanani anzanu mulikokere kumtunda. Ikani mitengo pansi kuti lisakhulike pa miyala. Tsukani ndere ndi matope onse. Lisiyeni liume masiku angapo, koma mulifunditse udzu kapena masamba. Dzuŵa likaomba kwambiri, matabwa amang'aluka.

Tsopano tengani mpeni. Bayani thabwa lililonse, makamaka pansi ndi m'makona m'mene madzi amakhalitsa. Thabwa labwino limakana mpeni. Loola limaulandira ngati chinangwa chophika. Thabwa lotere lichotseni. Apa mpamene ambirife timalakwa. Timaona kuti matabwa a mbaŵa kapena mlombwa akwera mtengo, ndiye timangopaka penti kuti boti lioneke latsopano. Anthu pagombe amayamikira ndithu. Koma mafunde akamenya, thabwa loola limabooka ndi penti wake yemwe.

Onaninso nthiti za boti, mitengo yokhota ija imene matabwa amakhomedwapo. Nthiti ikang'aluka, khomani ina yatsopano pambali pake kuti zigwirane. Mukaona kadontho kofiira pa thabwa, dziŵani kuti msomali wachita dzimbiri mkati. Zulani, mukhome wina. Pogula, funsani misomali yosachita dzimbiri. Ndi yodula, koma imakhalitsa.

Ntchito yofuna mtima wodekha ndi yotseka mipata ya pakati pa matabwa. Kolokosani thonje lakale ndi phula wakale yense. Potani thonje latsopano ngati chingwe. Liloŵetseni mumpatamo ndi kachitsulo kosathwa, mukumenya pang'onopang'ono ndi hamala. Musadumphe malo, ngakhale pang'ono pokwana chala. Musakanikizenso mopitirira, pakuti matabwa akanyowa amafufuma, ndipo thonje lochuluka lingathe kuwakankha mpaka kusolola misomali. Mukatha, sungunulani phula mumate pamwamba. Phula wotentha amawotcha koopsa, ana akhale patali. Penti abwere pomalizira.

Mukalibwezera m'madzi, musadabwe likamachucha tsiku loyamba. Lisiyeni pamadzi osaya masiku aŵiri kapena atatu kuti matabwa afufume. Likapitiriza kuchucha pamalo amodzi, ikanipo chizindikiro ndi makala, mulitulutsenso. Inde nzotopetsa, ndipo anzanu okoka aja adzadandaula. Aphikireni tiyi.

Ngati boti lanu lili ndi thanga, gwetsani mlongoti muuone bwino. Umakonda kuola m'munsi, pamene umaloŵa m'boti. Thanga, kaya ndi la nsalu kaya la matumba osoka pamodzi, litambasuleni padzuŵa. Pamene kuŵala kukupyola, pamenepo mpofooka. Sokanipo chigamba. Zingwe zimene zayamba kunyotsoka zisintheni, musazilumikize ndi mfundo. Gwedezaninso tsigiro muone ngati silikuŵeyeseka.

A injini, sinthani mapulagi ndi oilo, ndipo mutenge mapulagi ena apadera ndi chingwe china cholizira. Koma kaya muli ndi injini kaya thanga, nkhafi zisatsale. Injini imazima, mphepo imaleka. Tengani zokapira madzi ziŵiri, chimodzi muchimangirire ku boti ndi chingwe, popeza chokapira chimakonda kugwera m'madzi nthaŵi imene mukuchifunitsitsa. Nangula akhale ndi chingwe chachitali. Munthu aliyense akhale ndi jekete yoyandamitsa, ndipo aivale. Ena amati, "Ine ndinabadwira kunyanja, ndimasambira." Kusambira pagombe nkosiyana ndi kusambira usiku pakati pa mafunde, mtunda usakuoneka. Lamya ya m'manja ndi machesi muziike m'pepala lapulasitiki, mumange kukamwa.

Polonga katundu, zolemera zikhale pansi ndi pakati. Siyani malo okapira madzi osatsekedwa. Boti likamira kwambiri mpaka madzi kufika pafupi ndi milomo yake, tsitsani katundu wina. Wachibale amene akuumirira kuti mumtengere matumba ake mumkane mwaulemu.

Kumbukiraninso nyengo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mwera umaomba kuchokera kummwera, ndipo pofika kuno mafunde amakhala atakula. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya inagubuduzika ndi mphepo yamkuntho kumpoto kwa nyanja yathu ino, ndipo anthu 145 anafa. Inali sitima yachitsulo, yatsopano. Tsono mwera ukakula, dikirani pagombe, ngakhale usipa utamveka kuti wagwa kutsidya.

Tsiku lonyamuka lisanafike, yesani boti. Longani katundu yense monga mmene mudzalongere, mukwere nonse, muyende ola limodzi kufupi ndi gombe. Kwezani thanga, litsitseni, likwezeninso. Zimitsani injini, muilizenso. Pobwera, onani pansi pa boti. Ngati madzi aloŵa ochuluka, ulendo uyambe waima. Ngati pali pouma, uzani a kunyumba kumene mukupita, madoko amene mudzagona, ndi tsiku limene ayambe kukuyembekezani.