Ndani amasankha ntchito yolandirira chakudya?

Anthu ambiri akaona gulu likukumba maswale (ngalande zokolola madzi a mvula) m'phiri n'kumalandira chimanga, nyemba ndi mafuta ophikira pakutha pa mwezi, amaganiza kuti ntchitoyo analamula ndi mabwana a ku Lilongwe. Ine ndimagwira ntchito yolondoloza mapulogalamu otere, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni mmene chisankhocho chimayendera, chifukwa mbali yaikulu ndi ya inu eni mudzi.

Zochokera kumtunda ndi ziwiri: dera ndi kuchuluka kwa thandizo. Komiti ya MVAC imaunika zokolola chaka ndi chaka n'kunena maboma amene njala iwavute. Mabungwe ngati WFP amayang'ananso madera amene chilala ndi kusefukira kwa madzi sizichoka, monga Balaka, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje, kenako amapangana ndi khonsolo komanso bungwe logwira ntchito m'bomalo. Koma wa ku likulu sadziwa chigwembe chimene chikudya minda kumudzi kwanu. N'chifukwa chake, potsatira ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998, maganizo amayenera kuyambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), kupita ku ya dera (ADC), n'kukafika ku khonsolo.

Tikafika m'mudzi timakhala ndi amayi paokha, achinyamata paokha, abambo paokha, popeza pamaso pa agulupu si aliyense amamasuka. Anthu amajambula mapu a dera lawo, ndipo limodzi ndi alangizi a zaulimi ndi a zankhalango timayenda kuchokera pamwamba pa phiri mpaka kudambo, kuona kumene madzi amadutsa. Zofuna zimatuluka zambiri, ndiye timazisefa ndi mafunso.

Loyamba: kodi ntchitoyi ingatheke ndi makasu, mapiki ndi mawilibala? Thandizoli limalipira thukuta, siligula simenti yambiri kapena kubwereka makina. Choncho mukapempha chipatala kapena mjigo n'kuuzidwa kuti sizitheka, si chipongwe. Zimenezo zimafuna thumba lina. Zimene zimatheka ndi akalozera, kubzala vetiva, kutseka zigwembe, nazale za mitengo, madamu ang'onoang'ono ndi ngalande za mthirira.

Lachiwiri: igwiridwa liti? Zokumba zimayenera chilimwe. Kuitana anthu mu Januwale, pamene akupalira ndi kubandira, n'kuwapatsa chakudya cha lero powalanda cha chaka chamawa.

Lachitatu: malowo ndi a yani? Ndinaonapo damu lokumbidwa ndi mudzi wonse likusanduka la banja limodzi chifukwa panalibe pangano lolembedwa pamaso pa amfumu.

Lomaliza ndiye lolemera: chakudya chikadzatha, adzasamalira ndani? Mitengo imafuna kutetezedwa ku mbuzi ndi moto wolusa, maswale amafuna kufukulidwa mvula ikawakwirira. Ngati palibe amene wadzipereka, ntchitoyo ndi bwino kuisiya.

Sindibisa kuti nthawi zina zimakhota. Pali mabungwe amene amafika atasankha kale, msonkhano n'kungokhala wokwaniritsa mwambo. Pali makomiti amene amakokera ntchito kufupi ndi minda ya abale awo. Palinso midzi imene imangotchula msewu chifukwa ndi umene inazolowera kuyambira nthawi ya pulogalamu ya MASAF, chikhalirecho vuto lenileni ndi nthaka yokokoloka. Zotsatira zake n'zofanana: anthu amakumba kuti alandire basi, n'kumati "maswale a bungwe". Makolo athu a ku Chiradzulu ndi Thyolo ankaidziwa ntchito yogwira munthu wopanda chonena, ija ya thangata. Thandizo lisamafanane nayo ngakhale pang'ono.

Masiku ano malipiro nthawi zambiri amakhala ndalama, monga mu pulogalamu ya Mbwezera Chilengedwe, koma mfundo yake sinasinthe. Chakudya kapena ndalama zimatha m'masabata ochepa. Chotsala ndi munda wosakokoloka ndi chitsime chosaphwa msanga.

Choncho mukamva kuti kwa amfumu kuli msonkhano wosankha ntchito, pitani. Amayi, inu amene mumadziwa kutalika kwa kotunga madzi ndi kotola nkhuni, lankhulani. Funsani kuti malo ndi a yani, okalamba ndi olumala athandizidwa bwanji, ndipo adzasamalira ndani. Bungwe loona silikwiya ndi mafunso amenewa.