Amati Sitiganizira za Mawa

Ulendo umene udandifikitsa ku Ndola udali wa maliro a mbale wathu wina, wa mbumba ija idatsalira ku Zambia makolo atapita kumigodi. Ndipo mwambo utatha, adzukulu atasamba m'manja ndi anthu atayamba kumwazikana, mphwanga amene amagwira ntchito m'tauni momwemo adandipempha kuti ndimperekeze ku msonkhano wa achinyamata ofuna kuyamba malonda, kumene mlendo wina wa kutsidya la nyanja ankaphunzitsa za kakonzedwe ka moyo. Adali munthu waulemu ndi wodziwa kuyankhula, ndipo adagawira aliyense pepala lojambulidwa mizere, nati pamwamba munthu alembe chimene afuna kudzakhala zaka khumi zikudzazo, ndipo pansi pake agawe ulendowo m'zaka, zaka m'miyezi, miyezi m'masabata. Ndikadatuluka wokondwa akadapanda kuonjezapo mawu ena, amene adawanena akumwetulira monga wotimvera chisoni, akuti chimene chimagwetsa anthu a kuno n'chakuti amakhalira lero lokha, za mawa saziganizira. Anyamata adalemba mawuwo m'makope mwawo mosawiringula. Ine mtima udandiwawa, pakuti pamene tidakhalapo sipadali patali ndi mgodi wa Bwana Mkubwa, kumene agogo anga aamuna adakhetsa thukuta lawo ali mnyamata, ndipo ngati kudakhalapo munthu woganizira za mawa pansi pa thambo, adali iwowo pamodzi ndi anzawo.

Tiyambe ndi mgodiwo, popeza uli ndi umboni wake. Alamba, eni dziko, adakumbapo mkuwa kalekale Azungu asanafike. M'chaka cha 1902 William Collier ndi mnzake adafika pa maenje akalewo nakhomapo zikhomo. Njanji idafika m'dera la Ndola mu 1909, ndipo mu 1913 mgodi udayamba kutulutsa mkuwa. Amene adaika chuma chawo mmenemo adali akuluakulu a ku London ndi ku Johannesburg, anthu a mabuku a chuma ndi akatswiri oyeza miyala, amene palibe angawanene kuti sadziwa kuwerengera zaka za m'tsogolo. Komatu mgodi wawowo udali wotsegula ndi kutseka kuyambira pachiyambi pomwe. Adautsitsimutsa m'zaka za m'ma 1920, ndipo mu 1931, mtengo wa mkuwa utagwa pa dziko lonse, adautseka. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse malowo adasanduka msasa wa anthu a ku Poland othawa nkhondo. Adayambanso kukumba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, naleka mu 1984. Kampani ya First Quantum idadzukanso nawo mu 1998, poyamba kusefa zotsalira za akale, pambuyo pake kuyenga miyala yochokera ku Lonshi m'dziko la Congo, kufikira 2010 pamene ntchito idaimanso. Sindinena izi monyoza, pakuti chakudza sichiimba ng'oma. Ndingofuna kuti amene atiphunzitsa kugawa zaka m'mizere akumbukire kuti dziko lino lidang'ambapo kale mapepala a anthu ophunzira kuposa iwo.

Tsono mnyamata wochoka ku Dowa, ku Mzimba kapena ku Fort Jameson, woyenda pansi masabata ambiri ndi kamba wa ufa ndi nsinjiro, iye adali ndi chikonzero chotani? Sadachilembe, koma ukadamdzutsa pakati pa usiku akadakuuza chonse osaphonya. Ku migodi malipiro ankawerengedwa ndi tikiti, ndipo tikiti imodzi idali ya masiku 30 ogwira ntchito, kapitawo kapena Mzungu nalembapo tsiku ndi tsiku. Cha m'ma 1940 woyamba kumene ku Nkana kapena ku Luanshya ankalandira masheleni 12 ndi sikisi pa tikiti ngati agwira pamtunda, ndi masheleni 22 ndi sikisi ngati atsika pansi. Matikiti amenewa ndiwo adali makwerero a moyo wake, ndipo lililonse lidali ndi mwini wake lisanathe. Oyamba adali a msonkho, wake ndi wa amake, kuti asilikali a boma asawavutitse kumudzi. Otsatira adali a nsalu ya mlongo wake ndi bulangete la atate ake. Ndipo atachotsa manyazi amenewa, ndi pamene ankayang'ana zake: bokosi lachitsulo lokhala ndi loko, njinga ya Raleigh kapena ya Humber, makina osokera a Singer amene adzamdyetse akadzaleka kutsika m'dzenje, ndipo pamapeto pa zonse malata. Mngoni ndi Mtumbuka ankawerengeranso ng'ombe za malowolo. Mchewa, amene kwawo salowola, ankawerengera nyumba yokamanga kuchikamwini ndi fizi ya ana a mlongo wake, popeza iye ndiye mwini mbumba. Agogo anga ankakonda kunena, akapsa mtima ndi ulesi wathu, kuti tsokonombwe adatha mtunda ndi kulumpha. Ndipo ankatiloza denga la nyumba yawo natiuza tsamba la malata lililonse kuti lidachokera m'chaka chiti ndi ku mgodi uti, pakuti sadawagule onse pamodzi, ndipo oyamba adakhala zaka ali otsamira khoma kudikira anzawo.

Pamene migodi idagwa, antchito akuda amene adali oposa 30,000 mu 1930 natsala osakwana 7,000 pofika kumapeto kwa 1932, agogo adali mmodzi mwa obwezedwa. Sadafike kumudzi monga munthu amene moyo wamthera, chifukwa chikonzero chawo chidali nayo kale njira yobwerera: munda wawo udali wolimidwa ndi abale amene ankawatumizira nsalu, mbuzi zimene adagula ndi matikiti oyamba zidali zitaswana m'khola la atsibweni awo, ndipo makina osokera adayamba kulira pakhonde la sitolo ya Mmwenye. Zinthu zitakhalanso bwino adanyamukanso, ulendo uno wa ku Luanshya, nakapitiriza pamene adalekezera.

Nzeru imeneyi sadaiphunzire ku komboni; adapita nayo kuchokera kumunda. Ndani angalime chaka chimodzi chokha m'dziko la mvula ya nyengo imodzi ngati saganizira za mawa? Munthu amasosa dzuwa likuswa mtengo, mitambo isanaoneke n'komwe. Amaunga mizere, nabzala ndi mvula yoyamba yeniyeni, osanyengedwa ndi chizimalupsa. Amapalira, nabandira, nakonza nkhokwe chimanga chisanaume. Ndipo pokolola amasankha ngala zonona nazipachika pamwamba pa moto kuti utsi uziteteze ku anankafumbwe, mbewu imene ngakhale ana alire ndi njala m'mwezi wa Januwale mayi wanzeru saikhudza. Koma chimene chimandigometsa koposa ndicho mfutso. Mayi amathyola nkhwani ndi khwanya pamene ndiwo zili mbwee, aliyense akukhuta osaganiza kanthu, nazifutsa, naziyanika, nazimanga m'zikwatu za masamba a msuku, chifukwa maso ake ali pa mwezi wa Okutobala pamene dziko lidzakhala gwaa. Yosefe wa m'Malembo adatamandidwa ndi Farao chifukwa cha nzeru yotereyi. Amayi athu amaichita chaka ndi chaka popanda wowaveka mphete.

Kwa anzathu a ku Ulaya ndi ku America, monga ndimamvera ndi kuwerenga, chikonzero cha moyo ndi cha munthu mmodzi, iye ndi pepala lake. Amalowa sukulu nadziwa chaka chotuluka, amatenga ngongole ya nyumba yobweza zaka 25 kapena 30, amadula kangachepe mwezi ndi mwezi kuika ku penshoni, ndipo pokalamba amalandira monga adalonjezedwa. M'chaka cha 1981 Mmerika wina, George Doran, adalemba malangizo a oyendetsa makampani onena kuti cholinga chizikhala chodziwika bwino, choyezeka ndi chokhala ndi tsiku lake, ndipo malangizo amenewo ndiwo afalikira m'misonkhano yonse kufikira atipeza kuno. N'zabwino ndithu, ndipo ndani angakane? Koma zimayenda chifukwa pansi pake pali banki yosagwa kawirikawiri, ndalama yosasungunuka m'thumba, ndi boma lomlera munthu ntchito ikatha. Ndiponso pa pepala lotere sipakhala mzere wa maliro, kapena wa mwana wa mchemwali amene wasankhidwa kupita ku sekondale mosayembekezeka, kapena wa chaka chimene mgodi udzatsekedwa. Ndipo munthu wa kuno akachotsa ndalama ya malata nagulira bokosi la maliro a apongozi ake, mlendo amati wasokoneza chikonzero, osadziwa kuti walipira msonkho wa nkhokwe imene idzamsunge iye mwini tsiku lake likadzafika.

Pakuti kwathu chikonzero chimasungidwa ndi anthu. Mnyamata asananyamuke ankakhala pansi ndi malume ake, iwo nati, “Mphwanga, ukupita kukatenga chiyani, ndipo tikuyembekezere liti?” ndipo mawu amene ankayankha pamenepo ankamtsata m'makalata onse. Mwambo womwewo ukali moyo m'misika ya Masala ku Ndola ndi Chisokone ku Kitwe, kumene amayi amasonkha chilimba, chimene kwathu timati chipereganyu: aliyense amaponya ndalama yofanana tsiku lopangana, ndipo mmodzi amatenga zonse, ulendo wotsatira wina, kufikira onse atalandira. Funsani mayi aliyense wa m'gulumo, adzakuuzani mwezi umene ndalama idzagwere iye ndi chimene idzagule, kaya matumba a simenti, kaya fizi ya teremu yachiwiri, kaya firiji yogulitsira zoziziritsa kukhosi. Ndipo sangazembe, pakuti anzake amene adamva pakamwa pake adzamfunsa pamaso pa onse.

Ndipo sikuti anthu athu ankangoganizira za malata okha. Akhristu ochokera ku Nyasaland, ophunzira a ku Livingstonia ndi mamishoni ena, adafika ku Ndola napeza kulibe mbusa wowasonkhanitsa. Ndipo cha m'ma 1925 adadziyambira okha mpingo, nasankha akulu a mpingo, nasonkha ndalama zomangira kachisi ndi kulipira alaliki awo, mamishoni akuluakulu asanakhazikike m'matauni a migodi. Mu 1930 Ernest Muwamba ndi Elijah Chunga, makalaliki a boma ochokera kwathu, adali patsogolo poyambitsa bungwe loona za ubwino wa anthu akuda ku Ndola, limodzi mwa mabungwe aja amene m'kupita kwa zaka adabala ndale za ufulu. Nanga Kamuzu Banda, kaya munthu amkonde kaya amude chifukwa cha zimene adadzachita atatenga mpando? Adachoka ku Kasungu wapansi cha m'ma 1915, nagwira ntchito yonyozeka m'chipatala cha ku Hartley, napitirira ku migodi ya ku Johannesburg, nawoloka kupita ku America mu 1925, natsiriza za udokotala ku Meharry mu 1937, naonjezera ku Edinburgh mu 1941, nabwerera kwawo mu 1958. Munthu wosaganizira za mawa sayenda ulendo wotere.

Machona adalipo, sindibisa. Adalipo amene tikiti yawo inkathera ku bhiyaholo, amene adachita manyazi kubwerera chimanjamanja mpaka imvi zidawapeza m'komboni. Koma taonani kuti mtundu udawapatsa dzina lachitonzo, ndipo mtundu sutonza munthu chifukwa cholephera chinthu chimene suchiyembekezera kwa aliyense. Amene ndimawamvera chisoni koposa ndi a m'badwo wotsatira, ana obadwira m'makomboni a Wusakile ndi Chamboli, amene adakhulupirira chikonzero chatsopano ndi mtima wonse. Boma la Zambia litatenga gawo lalikulu la migodi mu 1970, ndi kampani ya migodi ya ZCCM itakhazikitsidwa mu 1982, kampani idali mayi ndi bambo: nyumba, chipatala, sukulu, ngakhale babu likapsa ankadzasintha ndi a kampani. Ambiri adaleka kutumiza nsalu kumudzi, nawerengera penshoni monga amachitira Mngelezi. Mtengo wa mkuwa udagwa mu 1975, kwacha idayamba kusungunuka, ndipo penshoni ya zaka makumi awiri idafika posakwana kugula chimene idayenera kugula. James Ferguson, Mmerika amene adakhala ku Kitwe m'zaka za m'ma 1980 kufunsa anthu a mumgodi za kumene adzapite akapuma, adalemba m'buku lake la mu 1999 za amuna obwerera ku midzi imene adaiiwala, nakapeza abale owalandira ndi nkhope zozizira. Migodi itagulitsidwa, ntchito imene idatsirizika mu 2000, amene adaima ndi aja adasunga phazi limodzi kumudzi monga ankachitira atate awo osaphunzirawo.

Mwina chimene chimasokoneza alendo ndi mawu aja timakonda kuikapo tikamanena za chaka chamawa, akuti “Mulungu akalola,” pakuti iwo amawamva ngati mawu a munthu wopinda manja. Chikhalirecho wonenayo ndi yemwe uja waumba kale njerwa, nagula mitengo yootchera, napangana ndi mmisiri. Ndipo ndimadabwa kuona kuti maboma athu, m'malo mofunsa kwa amayi a mfutso ndi a chilimba, adatengera njira ya pepala yokhayokha. Dziko la Malawi lidalengeza Vision 2020 mu 1998, lonjezo lake nkukhala lakuti pofika chaka chimenecho tidzakhala dziko la chuma chapakati. Zambia nayo ili ndi Vision 2030 yake. Chaka cha 2020 chidafika nkudutsa tili pomwe tidali, ndipo mu Januwale 2021 adatitulutsira buku lina lokongola, la Malawi 2063. Mnyamata wa ku Bwana Mkubwa ankadziwa kuti malume amene adamfunsa za tsiku lobwerera adzakhala pakhonde kumdikira ndi funso lomwelo. Koma mwa akuluakulu amene adaimika manja pa mwambo wa buku latsopanoli, ndi angati adzakhalepo mu 2063 kuti adzukulu athu adzawafunse za malata?