Kuberekana popanda tate: chomwe chinangwa chingatiphunzitse za malungo

Mlimi wa chinangwa safesa njere. Amadula mtengo wa chinangwa cha chaka chatha, nkuuzika m'nthaka, ndipo umaphuka. Mbatata timabzala kholowa, nthochi timazula mphukira pa tsinde la make. Apa palibe mwamuna ndi mkazi. Kholo ndi limodzi, ndipo mwana amatengera zonse za khololo, zabwino ndi zoipa zomwe.

Zilipo zamoyo zinanso zotere. Nsabwe za m'masamba zimene zimafalitsa matenda a chisaka mu nthochi zimabereka popanda yamphongo, ndipo n'chifukwa chake zimadzaza munda msanga. Alimi a ku Thyolo ndi ku Nkhata Bay akudziwa mmene chisaka chinapululira nthochi zawo. Mphukira yochokera pa tsinde lodwala imakhala yodwala kale, ingaoneke yobiriwira bwanji.

Koma ife a zaumoyo chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi kachirombo ka malungo, chifukwa nako kamachulukana mwa njira yomweyi, ndipo munda wake ndi thupi la mwana wanu.

Udzudzu waukazi wa anofelesi ukaluma munthu, umasiya tizirombo tochepa chabe. Timathamangira ku chiwindi, komwe timakhala pafupifupi sabata imodzi mwakachetechete. Mwana amasewera, amadya, thupi silitentha. Koma m'kati mwa sabatayo kachirombo kamodzi kamagawikana mpaka kutulutsa tina zikwizikwi. Tikatuluka m'chiwindi timalowa m'maselo ofiira a magazi. M'menemo kalikonse kamagawikananso, ndipo pakatha maola pafupifupi 48 selo ija imaphulika nkutulutsa tizirombo tatsopano, nthawi zambiri pakati pa 16 ndi 32, tomwe timakalowa m'maselo ena. Kuphulika kumeneku ndiko kumabweretsa kuzizidwa, kunjenjemera ndi kutentha thupi. Ndikonso kumathetsa magazi.

Tiyerekeze kuti mwa tatsopanoto ndi 10 tokha timene tapulumuka ulendo uliwonse. Kamodzi kasanduka 10 m'masiku awiri, 100 m'masiku anayi, 1,000 m'masiku asanu ndi limodzi. Mawu akuti “tiyambe taona mmene agonere” amapereka mpata umenewu. Mwana amene watentha thupi ayezedwe magazi tsiku lomwelo, kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo. Ngati akukomoka, akusanza chilichonse, kapena akulephera kuyamwa ndi kumwa, musadikire kuti kuche.

Nkhani ya mankhwala ndiyo imandivuta kwambiri. LA amamwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, kasanu ndi kamodzi pamodzi. Pofika tsiku lachiwiri ana ambiri amakhala atadzuka, ndipo makolo ena amasunga mapilitsi otsalawo kuti adzathandize wina akadzadwala. Kumeneko n'kuzula chinangwa nkusiya mitengo yake m'munda nthawi ya dzinja. Tizirombo totsala sitisowa mnzake kuti tiberekane. Tochepa tomweto tikhoza kudzazanso magazi, ndipo pakapita masabata angapo mwana wagonanso.

Palinso china. Pogawikana kambirimbiri chotere, nthawi zina pamabadwa kachirombo kosiyana pang'ono ndi kholo lake, kamene mankhwala sakukapha msanga. Kakapulumuka, ana ake onse amatengera kulimba komweko, ndipo udzudzu umakatola nkukapatsira ena. (M'thupi mwa udzudzu ndi momwe tizirombo tatimuna ndi tatikazi timakumana.) Dziko lino linaziona kale zimenezi. Mu 1993 tinasiya chloroquine chifukwa anali atasiya kugwira ntchito, nkuyamba SP, amene ambiri timamutcha Fansidar. Mu 2007 SP nayenso anasiyira malo LA pochiza malungo.

Inu odzipereka pa ntchito za umoyo m'midzi, mukamayendera banja lomwe mwana akumwa LA, pemphani kuti akuonetseni kapaketi kake, muwerenge mapilitsi otsala. Akumbutseninso kuti LA amalowa bwino m'thupi mwana akayamwa kapena akadya chakudya cha mafuta pang'ono, monga phala la nsinjiro.