Kukonza mota yakale pakhomo: yambirani pa tcheni, utoto ubwere pambuyo

Omvera athu a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga mukudziwa kuti nyengo yokolola ikafika, mota imasanduka ngolo. Imanyamula mbatata ya kachewere, chimanga ndi soya kupita kumsika wa ku Ulónguè, ku Domué kapena ku Lizulu kumalire ndi Malawi. Tindalama ta mbewu tikalowa m'thumba, ambiri amafuna kuisintha mota yawo yakale kuti ioneke yatsopano, ndipo amathamangira utoto, zomata ndi paipi ya utsi yolira kwambiri. Ndalama zimathera pamenepo, koma motayo imalepherabe chitunda chomwe inkalephera kale.

Malo oyambira ndi tcheni ndi magudumu ake awiri a mano. Kakang'ono kakutsogolo amakaniko a kuno amakatchula pinhão, lalikulu la kumbuyo ndi cremalheira. Awiriwa ndi amene amagamula ngati mota ikhale yaliwiro kapena yamphamvu pokoka katundu. Mota zambiri za 125 zimagwiritsa ntchito tcheni cha nambala 428. Tinene kuti yanu ili ndi mano 15 kutsogolo ndi 38 kumbuyo. Mukaika cremalheira ya mano 42, mphamvu yokoka imakwera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo liwiro la pamsewu wa phula limatsika ndi muyeso womwewo. Kwa munthu wokwera mapiri a ku Tsangano ndi matumba awiri, kusinthana kumeneku n'kwabwino, chifukwa sawotchanso kilatchi podzuka pachitunda. Dziwani kuti gudumu lalikulu lingafune tcheni chotalikirako. Njira yotchipa ndi kuika pinhão ya mano 14, pakuti dzino limodzi lochotsedwa kutsogolo limafanana ndi mano awiri kapena atatu owonjezera kumbuyo.

Ngati mano apindika n'kusongoka ngati minga, gulani zonse zitatu pamodzi. Tcheni chatsopano pa mano akutha sichikhalitsa. Pomanga, chisiyeni chizisewera masentimita awiri kapena atatu, ndipo muyese wina atakhala pampando, chifukwa katundu akalemera tcheni chimakungika. Chokungika kwambiri chimawononga mabeyaringi.

Kenako mabuleki ndi matayala. Nsapato za buleki sizidula poyerekeza ndi zina zonse, koma ndi zimene anthu amaziiwala mpaka tsiku lotsetsereka ndi katundu. Menyaninso masipoko ndi sipanala mmodzimmodzi: yolira mogontha ndiye yakhwefuka, ndipo gudumu la masipoko okhwefuka limapindika msanga m'maenje.

Pa injini pali chinthu chimene chimakhudza ife a kumtunda kuno makamaka. Dera la Angónia lili pamwamba pa mamita opitirira 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wake ndi wopepuka kusiyana ndi wa mumzinda wa Tete m'mphepete mwa Zambeze. Kabureta yomwe imayenda bwino kumunsi ikafika kuno imapereka petulo wochuluka poyerekeza ndi mpweya. Masulani pulagi, imene ena timaitcha vela, muione kunsonga. Ikakhala yakuda ndi mwaye, petulo akuchuluka, ndipo ndalama zanu zikutuluka ndi utsi. Ikakhala yotuwa mofiirira, zili bwino. Ikayera mbee, petulo akuchepa ndipo injini ikutentha mopitirira. Musanakhudze kabureta, tsukani kaye sefa ya mpweya, chifukwa fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limaitseka. Ngati ndi ya siponji, itsukeni ndi parafini, iume, muidonthezere oilo pang'ono n'kuifinya. Ya pepala satsuka, amasintha.

Alipo amene amachotseratu sefayo, ati mota ipume bwino. Kumeneko n'kudyetsa injini mchenga. Fumbi limapala maringi ndi silinda, ndipo pakapita miyezi mota imayamba kudya oilo ndi kufuka utsi wabuluu. Kuboola paipi ya utsi nakonso kumangowonjezera phokoso. Mphamvu siikwera, anthu oyandikana nawo ndi amene amasowa tulo.

Keliyala ndi mbali imene mlimi amapinduladi akaisintha. Wowotcherera zitsulo wa pamsika angakupangireni yotambalala, koma muuzeni kuti ikhale yomanga ndi mabawuti m'malo omangira amene alipo kale, osati yowotcherera pa chasi. Moto umafooketsa chitsulo chopyapyala cha chasi, ndipo chimadzathyokera pomwepo. Isatalikenso kwambiri kumbuyo. Katundu akapitirira gudumu lakumbuyo, lakutsogolo limapepuka ndipo chiwongolero sichimveranso. Ngati pali choti chiwotchereredwe pa mota penipeni, chotsani thanki, batire ndi kabokosi ka CDI ntchito isanayambe. Mashoko akumbuyo ambiri ali ndi potembenuzira kuti alimbe, ndipo zimenezo n'zaulere.

Za magetsi, babu la LED limawala bwino ndipo limadya moto wochepa. Koma pa mota zina nyali yakutsogolo imatenga moto kuchokera ku injini osadzera ku batire, ndipo LED wamba imaphethira kapena kupsa. Funsani wogulitsa ngati babulo likugwirizana ndi mota yanu. Potchajira foni napo mpothandiza kumunda, bola paikidwe fyuzi yake ndipo pazizima mukazimitsa kiyi. Kupanda kutero mudzapeza batire latha m'mawa.

Tsopano utoto. Chitini chopopera chimakwana pa thanki ndi zotchinga matope ngati mwapala dzimbiri ndi sandipepa, mwapaka utoto woyamba wapansi, kenako n'kupopera mopyapyala kawiri kapena katatu pamthunzi popanda mphepo. Apa ndi pamene lamulo limalowerapo. Livrete imalemba mtundu wa mota, nambala ya chasi ndi nambala ya injini. Mota yofiira papepala koma yakuda pamsewu imadzutsa mafunso kwa apolisi, makamaka kwa inu owoloka pa Calómuè kapena pa Biri-Biri. Ngati mukufuna mtundu wina, kapena mwagula injini ina, funsani kaye kumene mota yanu inalembetsedwa, kapena ku INATRO, kuti pepala ligwirizane ndi mota. Chapafupi n'kubwezera mtundu womwewo. Ndipo popala dzimbiri, matani kapepala pa nambala ya chasi kuti sandipepa kapena utoto zisaikhudze, chifukwa nambala yofufutika imaoneka ngati ya mota yakuba.

Pa ndalama zotsala, chipewa choteteza mutu, capacete, chibwere zomata zisanagulidwe. Lamulo la pamsewu limachifuna kwa woyendetsa ndi wokwera yemwe, ndipo lamba wake azimangidwa pansi pa chibwano.