Yankho lagona pati? Mitundu iwiri ya mafunso a kumvetsa nkhani



Teremu yathayi, pochonga mayeso a Fomu 1 ndi Fomu 2, ndinaona vuto limodzi pa mapepala ambiri. Mwana wawerenga nkhani bwinobwino, mawu onse akuwadziwa, koma akafunsidwa chifukwa chimene munthu wa m'nkhaniyo wachitira zakutizakuti, amangokopera chiganizo chonse chimene chili ndi mawu ofanana ndi a m'funsolo. Ena amasiya osalemba kanthu, n'kudzadandaula kuti, "Aphunzitsi, yankho lake munalibe m'nkhani muja." Sakunama, munalibedi. Koma funsolo silinali lolakwika. Anawa sanazindikire kuti mafunso a kumvetsa nkhani alipo a mitundu iwiri ikuluikulu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kayankhidwe kake.

Mtundu woyamba ndi wa mafunso a yankho loonekeratu. Mlembi walitchula yankholo ndi mawu ake, moti mutha kuikapo chala. Mtundu wachiwiri ndi wa mafunso a yankho lobisika. Apa mlembi sanalitchule yankholo, wangosiya zizindikiro. Wowerenga amatola zizindikirozo, n'kuziphatikiza ndi zimene akudziwa kale pa moyo wa tsiku ndi tsiku, mpaka yankho litatuluka.

Tiyese ndi kankhani aka kamene ndimagwiritsa ntchito m'kalasi:

Mtsikana wina wa Fomu 1 adafika pasukulu 9 koloko, anzake atayamba kale phunziro lachiwiri. Siketi yake idali yonyowa mpaka m'chiuno koma bulauzi idali youma. Nsapato adazinyamula m'manja, makope atawakulunga m'jumbo n'kuwasenza pamutu. Anzake atatu a m'mudzi mwake sadabwere tsiku limenelo. Mphunzitsi atamuona sadamufunse kanthu, adangomuuza kuti akhale pansi.

Ndikafunsa kuti, "Mtsikanayu adafika nthawi yanji?" kapena "Ndi anzake angati amene sadabwere?" mayankho ali pomwepo: 9 koloko, atatu. Koma ndikafunsa kuti, "N'chifukwa chiyani adachedwa?" chala chimasowa poloza. Ambiri amathamangira kunena kuti mvula idamunyowetsa panjira. Ndimawabweza ku nkhani: ikadakhala mvula, bulauzi ikadauma bwanji? Wanyowa kuchokera m'munsi, nsapato wavula, makope wakweza pamutu, ndipo amene sadabwere ndi a mudzi umodzi. Zizindikiro zinayi zonsezi zikuloza kumodzi: adawoloka mtsinje wodzadza. Mawu oti mtsinje mulibe m'nkhanimo, komabe mwana aliyense amene adawolokapo madzi m'mwezi wa Januwale kapena Febuluwale atha kulipeza yankholi.

Tsono pali msampha wina. Mwana akamva kuti yankho lili m'mutu, amayesa kuti chilichonse chimene waganiza n'cholondola. Wina adandiyankha kuti mtsikanayo adachedwa chifukwa amayi ake adamutuma kuchigayo. Zimachitikadi zimenezo, koma palibe mawu ngakhale amodzi m'nkhaniyi amene akuchitira umboni. Kumeneko n'kulota. Yankho lobisika liyenera kukhala ndi mboni yake m'nkhani momwemo.

M'kalasi timatsata njira zinayi. Poyamba mwana awerenge funso kawiri, n'kudzifunsa ngati angathe kuloza yankho ndi chala. Ngati angathe, alembe mwachidule, osakopera ndime yonse. Ngati sangathe, adule mzere kunsi kwa mawu onse okhudza funsolo. Kenaka adzifunse chimene iye akudziwa pa zinthu zoterozo. Pomaliza alembe yankho lokhala ndi miyendo iwiri, ganizo ndi umboni: "Adachedwa chifukwa chowoloka mtsinje wodzadza, pakuti siketi yokha ndiyo idanyowa ndipo nsapato adazinyamula m'manja."

Ophunzira, musadalire mawu oyamba a funso okha. N'zoona kuti "ndani", "liti" ndi "kuti" kawirikawiri amafuna yankho loonekeratu, pamene "chifukwa chiyani" ndi "n'chiyani chikusonyeza kuti" amafuna kulingalira. Koma si nthawi zonse. Nkhani ija ikadanena poyera kuti mtsikanayo adachedwa chifukwa cha mtsinje, funso la "chifukwa chiyani" likadakhala loonekeratu. Ndipo funso loti, "Ndani amene ankadziwa kale za vuto la mtsikanayu?" layamba ndi "ndani", koma kuti mupeze kuti ndi mphunzitsi muyenera kulingalira chifukwa chake sadamufunse kanthu. Chimene chimasiyanitsa mafunsowa ndi pamene yankho lagona.

Nzeru imeneyi akatswiri a maphunziro adailemba kale. M'zaka za m'ma 1980, Taffy Raphael wa ku America adakonza njira yotchedwa QAR, imene imagawa mafunso m'magulu awiri: a yankho la m'buku ndi a yankho la m'mutu. M'gulu loyamba muli yankho lopezeka pamalo amodzi ndi yankho lofunika kulitolera m'ziganizo zingapo. M'gulu lachiwiri muli yankho lophatikiza zimene mlembi wanena ndi zimene wowerenga akudziwa, komanso yankho lochokera m'maganizo a wowerenga yekha. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti mwana ayambe wadziwa kofuna yankho asanayambe kulifuna.

Amene tidadutsa ku madrasa tikudziwa kuti maulama athu adaisanthula nkhaniyi kalekale m'maphunziro a usul al-fiqh. Tanthauzo limene mawu alitchula amalitcha mantuq, ndipo limene limamveka popanda kutchulidwa amalitcha mafhum. Chitsanzo chodziwika chili mu Surah Al-Isra, ayah 23, imene imaletsa mwana kulankhula kwa makolo ake ngakhale kamawu kochepetsetsa kosonyeza kunyansidwa nawo. Kumenya sikudatchulidwe m'menemo, koma maulama amagwirizana kuti ngati kamawu kaletsedwa, kumenya n'koletsedwa koposa. Onani kuti sadangoganiza za m'mutu mwawo: adayambira pa mawu olembedwa, ndipo ganizo lawo likutsamira pa mawuwo. Mwambo womwewo ndiwo tikufuna kwa ana athu akamawerenga nkhani ya Chichewa, ya Chingerezi kapena ya mbiri yakale.

Izi zikukhudza malikisi. Pa mayeso a MANEB, a JCE ngakhale a MSCE, mwana amapatsidwa nkhani imene sanaionepo, ndipo kuloweza sikungamupulumutse. Koma zikupitirira mayeso. Mwana wodziwa kufunsa kuti "umboni wake uli pati?" sapusitsidwa msanga ndi uthenga wa pa WhatsApp womuuza kuti wapata ndalama pa mpikisano umene sanalowe nawo.

Makolo, mutha kuthandiza ngakhale mulibe buku m'nyumba, ngakhalenso inuyo simudziwa kuwerenga. Mukamvera limodzi nkhani pa wailesi, kapena agogo akatha kusimba nthano, mufunseni mwana mafunso awiri. Loyamba likhale la zimene zanenedwa: "Kalulu anabisala pati?" Lachiwiri likhale la zimene sizinanenedwe: "N'chifukwa chiyani nyama zina zinasiya kumukhulupirira?" Akayankha, onjezani kafunso kamodzi aka: "Wadziwa bwanji?" Musafulumire kumuuza yankho. Mulekeni avutike nalo pang'ono.

Kwa akuluakulu a komiti, pempho langa ndi lakuti tikambirane ndi aphunzitsi a madrasa. Kuloweza kuli ndi malo ake ndipo sitikukuchotsa. Koma pakutha pa phunziro la mbiri ya Mtumiki (SAW) kapena la fiqh, pakhale funso limodzi lofuna kulingalira, ndipo mwana atchule mawu amene ganizo lake latsamira.

Ophunzira a Fomu 1 ndi Fomu 2, nayi ntchito yanu ya sabata ino. Sankhani ndime imodzi m'buku lililonse la kusukulu, mulembe mafunso anayi, awiri oonekeratu ndi awiri obisika, pamodzi ndi mayankho ndi umboni wake. Mubwere nawo Lolemba. Tidzasinthana makope, aliyense ayankhe mafunso a mnzake.